INSHUWALANSI YA ZA UMOYO: KODI YAFIKA PA KHOMO LA WOSAUKA?

Munthu aliyense amene anagonapo pa cipatala cacikulu kudwazika m'bale wake adziwa bwino kuti matenda akalowa pa nyumba amadya zambiri. Amadya thupi la wodwala, kenaka amalowa m'nkhokwe, m'khola la mbuzi, ndipo nthawi zina amatenga ngakhale njinga imene banja limadalira popita ku cigayo ndi ku msika. Pitani mukaone kumene odwazika matenda amaphikira kuseri kwa mawodi ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke. Mudzapeza azimai acokera kutali, ena ku Vubwi, ena ku Chadiza, ena ku malambo, atakhala mozungulira mafuwa, ndipo nkhani yao yaikulu ndi ya ndalama: zatsala zingati, ndani angatume zina, nanga kumudzi kwatsala ciani cogulitsa.

Cifukwa ca mabvuto otere, m'caka ca 2018 aphungu a nyumba ya malamulo anabvomereza lamulo la inshuwalansi ya za umoyo ya dziko lonse. Lamuloli ndilo linabala bungwe la NHIMA, limene dzina lake anthu ambiri a pa nchito amaliona pa pepala la malipiro ao mwezi ndi mwezi. Kudula ndalama kunayamba mu Okutobala 2019 ndipo mamembala anayamba kulandira thandizo mu Febuluwale 2020. Tsopano papita zaka zingapo, ndipo nkoyenera kufunsa ngati thumba limeneli lapeputsako mtolo wa mabanja opeza zocepa, amene ndiwo oculuka muno m'cigawo ca kum'mawa.

Kumene tacokera

Acikulire akumbukira kuti dziko lino litalandira ufulu mu 1964, boma la a Kenneth Kaunda linali kupereka cithandizo ca mankhwala kwaulere m'zipatala zake. Mtengo wa kopa utagwa m'zaka za m'ma 1970, cuma ca dziko cinayamba kufooka, ndipo mashelefu a mankhwala anayamba kuyera. Boma la MMD litalowa mu 1991 linabweretsa kusintha kwakukulu pa za umoyo, ndipo kuyambira mu 1993 odwala anayamba kulipira pa khomo la cipatala. Ana osakwana zaka 5 ndi okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo anawapatula, koma ena ambiri anafunika kusolola kanthu m'thumba. M'matauni munalinso makhadi olipiriratu mwezi ndi mwezi, amene anthu anali kungowachula kuti sikimu.

Amene anali akulu-akulu pa nthawiyo adziwa cimene cinacitika. Mai anali kusunga mwana wa zaka 7 wotentha thupi masiku atatu pa mphasa, akuyembekeza kuti mwina kudzaca ali bwino, cifukwa ndalama ya khadi panalibe. Ena anali kuthamangira ku tuntemba kukagula mapiritsi awiri kapena atatu, osakwanira mlingo. Mu Epulo 2006 boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipirowa m'makiliniki ndi m'zipatala za maboma a kumidzi, mu 2007 linaonjezera madera ozungulira matauni, ndipo mu 2012 boma la a Michael Sata linawacotsa m'makiliniki a dziko lonse.

Mbiri imeneyi njofunika cifukwa pali cisokonezo cimene cikali kumveka m'midzi. Ena aganiza kuti kubwera kwa NHIMA kutanthauza kuti wopanda umembala adzabwezedwa pa kiliniki. Sizili tero iai. Sikelo ya ana, sikelo ya azimai apakati, katemera, kupima ndi kuciritsa malungo, mankhwala a TB ndi ma ARV zikali zaulere pa kiliniki ya boma kwa munthu aliyense, kaya ndi membala kapena si membala. Mai wapakati asaleke kupita ku sikelo poopa kuti adzamufunsa nambala ya inshuwalansi.

Nanga ngati kiliniki ndi yaulere, inshuwalansi ndi ya ciani? Yankho lili pa matenda amene kiliniki siingawathe. Wodwala akatumizidwa ku cipatala cacikulu, pamabuka zolipira: zopima zina za magazi, kujambula kwa makina akulu monga CT sikani, zipangizo zina za opareshoni, magalasi a maso, ndiponso maka-maka mankhwala amene atha m'cipatala, amene dotolo amangolemba pa kapepala kuti mukagule ku famasi. Kapepala kameneko ndiko kamene kagulitsitsa anthu mbuzi zambiri.

M'mene thumbali liyendera

Ganizo la inshuwalansi silacilendo kwa ife. Lifanana ndi thumba la maliro la mu mpingo kapena m'gulu la azimai: onse amasonkha pamene ali bwino, ndipo ndalama zimathandiza amene tsoka lamugwera. Kusiyana kwake ndi cilimba nkwakuti pano palibe tsiku lakuti lero ndi lako lolandira. Ukakhala caka conse osadwala, ndalama zako zaciritsa anzako, ndipo sizibwezedwa. Ici cimawawa anthu ena, koma popanda cimeneci thumbalo silingaime.

Kwa munthu wolembedwa nchito, lamulo likuti adulidwe 1 kwaca pa 100 kwaca iliyonse ya malipiro ake eni-eni, ndipo womulemba nchito aonjezepo cimodzi-modzi. Motero mlonda kapena wogulitsa m'sitolo amene alandira K3,000 amadulidwa K30, abwana ake naonso amaikapo K30. Wodzilemba yekha nchito, monga mlimi, wamalonda wa pa msika wa Kapata, woyendetsa honda kapena wosoka zobvala, amalipira yekha molingana ndi zimene amapeza, ndipo amayembekeza miyezi ingapo akulipira asanayambe kuthandizidwa. Membala mmodzi angalembetse a m'banja lake ofika 6, kuphatikizapo mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osakwana zaka 18.

Pamene kudula kunayamba, mabungwe oimira anchito anadandaula kuti uwu ndi msonkho wina woonjezera pa PAYE ndi NAPSA. Dandaulo lao linali ndi pomveka. Komabe tiyenera kukumbukira kuti kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti akazi 2 okha mwa 100 ndi amuna 3 mwa 100 ndiwo anali ndi inshuwalansi ya za umoyo ya mtundu uliwonse, ndipo ambiri a iwo anali a nchito zapamwamba za m'tauni. Mesenjala, wosesa m'ofesi ndi mlonda analibe cowateteza.

Kwa anchito a malipiro ocepa otere, phindu laoneka. Tiyerekeze mlonda uja wa K3,000 ali ndi mkazi wodwala BP ndi shuga. Matenda awiriwa safuna kupumula mankhwala, ndipo kale mankhwala akasowa pa cipatala, bamboyu anali kusankha pakati pa thumba la ufa ndi mapiritsi a mwezi umenewo. Kawiri-kawiri ufa ndiwo unali kupambana, maiyo nkukhala milungu iwiri osamwa mankhwala, kufikira tsiku limene adzagwa ndi sitiroko. Tsopano, ngati umembala wake uli bwino, angatenge kapepala ka dotolo kupita nako ku famasi yobvomerezedwa ndi NHIMA nakalandira mankhwalawo osalipira. K30 ya pa mwezi singagule mankhwala a matenda awiriwo pa sitolo. Mwana akathyoka mwendo, kapena mkazi akafunika opareshoni pobereka, banjali silithamangira kwa a kaloba, amene amabwereketsa K500 nafuna K750 pakutha kwa mwezi.

Zipatala nazonso zapezako mphamvu, pakuti ndalama zimene NHIMA ilipira pa odwala ake zimathandiza kugula mankhwala ndi kukonza zina zoonongeka. Izi zimafikako ngakhale kwa wodwala amene si membala.

Amene atsalira panja

Bvuto lalikulu ndi lakuti anthu a pepala la malipiro ndi ocepa. M'dziko lino, pafupi-fupi anthu 7 mwa 10 ogwira nchito ali pa nchito zosalembetsedwa, ndipo kuno kwathu oculuka ndi alimi a makasu ndi ng'ombe. Kafukufuku wa boma wa za kakhalidwe ka anthu wa mu 2022 anapeza kuti anthu 60 mwa 100 m'Zambia ndi osauka, ndipo kumidzi ciwerengeroco cifika pa 79 mwa 100. Lamulo likuti nzika iliyonse yofika zaka 18 ilembetse, koma mlimi alibe abwana omudula ndalama pakutha kwa mwezi, alibenso womuonjezerapo theka linalo.

Taganizirani za banja lolima cimanga, nshawa ndi soya pang'ono kufupi ndi Sinda. Ndalama zao zimabwera kamodzi pa caka, kuyambira mu Meyi kufika mu Ogasiti, akagulitsa zokolola kwa ogula oyendayenda kapena ku FRA. Ndalamazo zili kale ndi eni ake: fetelaiza, mbeu, mayunifomu a ana, malata awiri otsekera pamene padontha, ndi ngongole ya caka catha. Pofika mu Januwale ndi Febuluwale m'nyumba mulibe ngakhale ya sopo, ndipo bambo ndi mai ali pa ganyu m'munda wa eni kuti apeze mbale ya ufa. Tsono miyezi yomweyi ya dzinja ndiyo imene malungo ndi kutsegula m'mimba zimakula. Ngati banjali liuzidwa kulipira, tinene, K50 mwezi uliwonse, pa caka ndi K600. Pa mtengo wa K340 umene FRA inagulira thumba la cimanga la makilogiramu 50 mu 2025, amenewo ndi matumba pafupi-fupi awiri. Matumba awiri pa nthawi yokolola angapezeke. K50 mu Febuluwale ndiyo yosapezeka, ndipo munthu akadumphitsa miyezi umembala wake umaima.

Cilala ca mu 2024, cimene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinaonetsa poyera kufooka kumeneku. Banja lopanda cimanga m'nkhokwe silingaganize za inshuwalansi. Ife tiona kuti kalipiridwe ka mwezi ndi mwezi kanapangidwa ndi maso a m'tauni. Mlimi akanapindula kwambiri ngati kulipira kwa caka conse pa nthawi ya msika wa mbeu kukanakhala ndiyo njira yake yodziwika, yolengezedwa pa madepoti, m'makopaletivu ndi pa misonkhano ya anyakwawa.

Palinso nkhani ya kukula kwa mabanja. Malo 6 angakwanire banja la mphunzitsi wa ana atatu. Nanga ambuya a ku Lundazi amene alera adzukulu 8 osiyidwa ndi ana ao? Nanga mnyamata wa zaka 19 amene wamaliza giredi 12, alibe nchito, ndipo akali kudya pa nyumba ya makolo? Iyeyu lamulo limuona monga wamkulu woyenera kulembetsa payekha, ngakhale alibe ndi ngwee yomwe.

Lamulo la 2018 silinaiwale osauka. Linapatula okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo, olemala amene sangathe kugwira nchito, ndi anthu amene unduna woyang'anira za umoyo wabwino wa anthu wawazindikira kuti ndi osauka ndi obvutika. Awa safunika kusonkha. Koma kupatulidwa pa pepala ndi kulembetsedwa m'kompyuta ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nkhalamba ya zaka 70 siikhala membala cabe cifukwa yakalamba. Ifunika kulembetsa ndi citupa cake ca reji. Ambiri sadziwa kuti ali ndi ufulu umenewu. Ena zitupa zao zinapsa ndi nyumba kapena zinadyedwa ndi ciswe, ndipo ulendo wokatenga cina ku boma ufuna ndalama. Kwa osauka amene sali okalamba, monga ambiri olandira thandizo la Social Cash Transfer, funso limakhala lakuti ndani adzaika ndalama m'thumba m'malo mwao, pakuti cipatala cikamuciritsa munthuyo cifunika kulipidwa ndithu. Ngati boma siliika ndalama zokwanira za anthu amenewa, mtolo wonse umatsamira pa 1 kwaca ya anchito.

Zimene khadi silingalipire

Ngakhale kwa amene ali ndi umembala wabwino, mtunda ukali mdani. Thandizo la NHIMA lipezeka m'zipatala, m'malo opimira ndi m'mafamasi amene bungweli linawabvomereza, ndipo oculuka a malowa ali m'matauni. Wokhala m'Chipata angayende ndi miyendo kucoka ku cipatala kupita ku famasi. Wokhala makilomita 60 kucoka pa boma, amene wabwera pa honda ya hayala, akauzidwa kuti mankhwala akatenge ku tauni ina, ulendo wokha ungapose mtengo wa mankhwalawo.

Inshuwalansi siilipira basi, honda kapena ngolo imene yanyamula wodwala kucoka kumudzi. Siigula ufa, ndiwo ndi makala a wodwazika. Siibweza masiku amene munda wakhala osapalira. Wodwala khansa wotumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550 kucoka ku Chipata, afunika ndalama za ulendo wa anthu awiri, malo ogona ndi cakudya, mwina kwa milungu yambiri, ndipo afunika kubwererakonso kangapo. Mabanja ena akamva za ulendowu amangopempha kuti atuluke naye wodwala wao abwerere kumudzi. Anthu a kunja amati ndi umbuli kapena kukhulupirira asing'anga, koma kawiri-kawiri banjalo lawerenga ndalama zake ndipo laona kuti sizifika.

Cina cimene anthu amang'ung'udza pa mabenci ndi mizere iwiri. M'zipatala zambiri mamembala a NHIMA ali ndi pao polembetsera, ndipo kwina ali ndi wodi yao. Kwa amene amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi, ici ndi coyenera, cifukwa afuna kuona phindu la ndalama zao. Koma mai amene wafika m'bandakuca atayenda usiku, akaona wina wobwera 9 koloko akulowa iye akali pa mzere, mtima umamuwawa. Nkhani imeneyi ifunika kusamala, cifukwa thumba limene linapangidwa kuti lifananitse anthu lingathe kuwasiyanitsa koposa, ngati oculuka a pa mzere wacangu ndi a malipiro ndipo oculuka a pa mzere wautali ndi alimi. Pa ngozi ndi pa matenda a kayakaya, amene ayenera kuonedwa coyamba ndi amene wadwalitsa, kaya ali ndi khadi kapena alibe.

Thumba lenilenilo nalonso lalemedwa. M'zaka za 2024 ndi 2025 kunamveka madandaulo ambiri akuti NHIMA inali kucedwa kulipira zipatala ndi mafamasi, ndipo malo ena a eni ake anayamba kubweza mamembala kapena kuwauza kuti alipire okha. Cifukwa cake sicobvuta kumva. Msonkho wa 2 kwaca pa 100 kwaca ndi wocepa poyerekeza ndi mtengo wa mankhwala, amene ambiri amagulidwa kunja ndi madola. Mabwana ena amadula anchito ao koma osatumiza ndalamazo. Ndiponso pakati pa odzilipirira okha, amene amathamangira kulembetsa ndi amene adwala kale, pamene amoyo wathanzi amazengereza. Wina amalipira miyezi yocepa, nacitidwa opareshoni ya ndalama zambiri, kenaka nkuleka kusonkha. Sitingamuweruze munthu wotere, pakuti ndi umphawi umene umamucititsa, koma thumba lotapidwa motero limaphwa. Ndipo likaphwa, wolemera amangosolola ndalama nalipira, pamene mlonda uja amabwerera kunyumba ndi kapepala kake m'thumba.

Zimene banja lingacite tsopano

Ngati muli pa nchito, ngakhale ya m'nyumba, ya m'sitolo kapena ya pa famu, funsani ngati abwana anu anakulembetsani, ndipo pitani pa desiki la NHIMA pa cipatala ca boma lanu ndi reji yanu kuti akuonereni ngati ndalama zikufikadi. Kudulidwa pa malipiro si umboni wakuti zatumizidwa. Musayembekeze tsiku lodwala kuti mudziwe zimenezi. Onaninso kuti mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana onse oyenera alembedwa, pakuti abambo ambiri amadulidwa zaka ndi zaka koma m'kaundula muli dzina lao lokha, ndipo mwana akadwala usiku ndi pamene zimadziwika. Mwana wobadwa kumene naye afunika kuonjezedwa.

Ngati pa mudzi panu pali agogo ofika zaka 65, aperekezeni akalembetse, cifukwa iwo salipira kanthu, ndipo ndiwo amadwala kawiri-kawiri BP, shuga, ng'ala ya m'maso ndi matenda a cikhodzodzo. Anyakwawa, akulu a mipingo ndi a makomiti a za umoyo a m'midzi angathandize kwambiri posonkhanitsa maina a okalamba ndi olemala, ndi kudziwa amene alibe zitupa, kuti ulendo wa ku boma ukhale umodzi.

Kwa alimi ndi amalonda, nthawi yabwino yolembetsa ndi pamene ndalama zili m'manja ndipo onse pa nyumba ali bwino, cifukwa ca miyezi ija yoyembekeza. Wolembetsa lero kuti acitidwe opareshoni mawa adzakhumudwa. Magulu a azimai osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene amagawana pakutha kwa caka, angathe kupatula gawo la inshuwalansi pa tsiku logawana, lisanalowe m'zitenje ndi m'mapoto. Polipira pa foni, sungani uthenga wotsimikiza, ndipo musapereke ndalama m'manja mwa munthu woyenda m'midzi amene sangakuonetseni citupa ca nchito yake ndi risiti.

Mukafika pa famasi yobvomerezedwa nakuuzani kuti muonjezepo ndalama, funsani cifukwa cake, pakuti pali mankhwala ena amene sali pa mndandanda wa NHIMA, koma amene alipo simufunika kuwalipiranso. Ngati yankho silikukhutiritsani, lembani tsiku, dzina la malowo ndi dzina la mankhwala, ndipo kaperekeni dandaulo lanu pa desiki la NHIMA pa cipatala kapena ku ofesi yao ku Chipata.